Mpopi ukasiya kudontha: kukonza mawu ndi kamera poyambira filimu ya thriller

Funso: Ndife ophunzira anayi a kosi ya mafilimu. Tapatsidwa ntchito yopanga mphindi ziwiri zoyambirira za filimu ya thriller, mtundu wa filimu yoika woonera pa nthumanzi. Nkhani yathu ndi ya mtsikana amene akufika kunyumba usiku osadziwa kuti muli munthu wina. Tili ndi kamera imodzi, tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ndi kachipangizo kojambulira mawu. Talemba kale mashoti 40 (shoti ndi kagawo kojambulidwa kamera osaiimitsa): ambiri ndi a nkhope ya mtsikanayo akuchita mantha, a mpeni, ndi a kamera yogwedezeka ikumulondola. Nyimbo zoopsa tidzaika pomaliza, poedita. Aphunzitsi atibwezera pulaniyo, akuti mawu sitinawaganizire n'komwe. Tiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi anu aloza pomwe pali bala, ndipo mwachita mwayi kuti akuuzani musananyamule kamera. Ine chomwe chandiimitsa m'funso lanu ndi mawu akuti "nyimbo tidzaika pomaliza". Ndawamva kwa magulu ambiri a ophunzira, ndipo mapeto ake amafanana: zithunzi zopanda nthumanzi mwa izo zokha, kenako nyimbo yolemera yopakidwa pamwamba ngati penti yobisira mng'alu wa khoma. Woonera amazindikira msanga kuti akukakamizidwa kuopa, ndipo munthu akazindikira zimenezo saopanso.

Ndiye mashoti 40 aja muyambe mwawaika pambali kwa tsiku limodzi. Khalani pansi nonse anayi. Atatu atseke maso, mmodzi afotokoze mphindi ziwirizo kuyambira poyamba mpaka pothera pogwiritsa ntchito zomveka zokha. Ndikamati mawu sindikunena zolankhula zokha ayi, ndikunena chilichonse chomwe khutu lingatole: kiyi m'loko, nsapato pansi, mpweya wa munthu, filiji, mphepo pazenera. Wofotokozayo saloledwa kunena kuti "akuoneka wamantha" kapena "pali mthunzi". Ngati atatu otseka masowo sangadziwe nthawi yomwe zinthu zasokonekera m'nyumbamo, ndiye kuti nkhaniyo sinapse, ndipo kamera siidzaipulumutsa.

Mtsikana wanu ali yekha. Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Alibe womufunsa, alibe womuyankha, choncho musamupatse zolankhula zodziyankhulira yekha pofuna kutiuza zomwe akuganiza. Yolankhula m'mphindi ziwirizi ndi nyumbayo. Ntchito yanu ndi kusankha zomwe nyumbayo inene, ndi nthawi yomwe ikhale chete.

Ndikupatseni chitsanzo, osati kuti muchitenge momwemo, koma kuti muone kaganizidwe kake. Chithunzi chisanaoneke, tikumva kiyi akulimbana ndi loko. Chitseko chatseguka, phokoso la panja lalowa naye, magalimoto chapatali. Watseka, phokosolo ladukiratu. Chatsala ndi kulira kwa filiji, ndipo chakumkati, kubafa, mpopi ukudontha: tho, tho, tho. Waponya makiyi patebulo. Wavula nsapato. Akuyang'ana foni yake. Mpopi ukudonthabe, ndipo pofika pano khutu la woonera lauzolowera moti sakuumvanso. Patatha mphindi imodzi ndi masekondi khumi, mpopi uja wasiya.

Palibe mpeni, palibe nkhope ya chigawenga, palibe nyimbo. Koma mpopi wodontha susiya wokha mwadzidzidzi. Pali dzanja lomwe laumanga. Woonera wadziwa kuti m'bafamo muli munthu, ndipo mtsikanayo akadali pa foni.

Chomwe chikugwira ntchito apa ndi khalidwe la khutu. Phokoso lobwerezabwereza ubongo umaliika pambali n'kulitenga ngati gawo la malowo, koma likasintha kapena likatha umadzidzimuka ngakhale munthuyo sanali kumvetsera. Maso tingawatseke kapena kuwatembenuza, makutu alibe zikope. N'chifukwa chake kuchotsa phokoso kumaopsa kuposa kuliwonjezera. Koma kuti chinyengochi chitheke muyenera kulipira ndi nthawi. Mpopi ukadontha katatu kokha n'kusiya, palibe yemwe angazindikire. Upatseni masekondi 40 kapena kuposerapo, pa mlingo wotsika koma womveka, ndipo madonthowo atalikirane mofanana kuti khutu liyambe kuyembekezera lotsatira. Dontho lomwe khutu likuliyembekezera koma silikubwera ndilo shoti yanu yoopsa kwambiri, ngakhale kamera siinalijambule.

Katswiri wopanga mafilimu a thriller Alfred Hitchcock, pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962, anasiyanitsa kudzidzimutsa ndi kuika munthu pa nthumanzi. Anapereka chitsanzo cha anthu awiri omwe akucheza patebulo pomwe pansi pake pali bomba. Likangophulika woonera asakudziwa kanthu, mwamudzidzimutsa kwa masekondi ochepa basi. Koma mukamuonetsa bombalo poyamba, n'kumuuza nthawi yomwe liphulike, macheza opanda pake aja amasanduka osapiririka, chifukwa woonera akufuna kukuwa kuti achenjeze anthuwo. Pulani yanu ya mashoti 40 yakhazikika pa kudzidzimutsa. Ine ndikukupemphani kuti muikhazike pa funso ili: pa sekondi iliyonse, woonera akudziwa chiyani chomwe mtsikanayo sakudziwa? Funso limeneli ndilo lidzakuuzani poika kamera.

Tsopano tibwere ku kamerayo. Ophunzira ambiri amaganiza kuti thriller ndi close-up, shoti yojambulidwa pafupi kwambiri. Zoona zake n'zakuti close-up imatiuza zomwe munthu akumva mumtima, pomwe shoti yotambasuka imatiuza zomwe zingamuchitikire. Pa nthawi yomwe mpopi ukusiya, ine sindingakhale pankhope ya mtsikanayo. Ndingaike kamera pa tripod, patali pang'ono, mtsikanayo kumanzere kwa chithunzi atatembenukira kwa ife, ndipo kumanja, kumbuyo kwake, khomo lolowera kubafa lili pululu, mkati mwake muli mdima. Theka la chithunzicho lilibe kanthu, ndipo diso la woonera lithamangira komweko, chifukwa aliyense amene anaonerapo filimu amadziwa kuti malo osiyidwa dala amayembekezera chinachake. Musaikemo kanthu. Musadule. Isiyeni shotiyo ikhale masekondi 15 kapena 20, ngakhale mtima wanu ukukuuzani kuti yatalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkonzi wachinyamata nthawi zambiri amadula pa sekondi yomwe mantha anali atangoyamba kumera.

Lenzi yomwe mwasankha ikusintha tanthauzo la shoti imeneyi. Lenzi yotambasula, monga ya 24mm, imasunga mtsikana ndi khomo lija zonse zikuoneka bwino, ndipo chipinda chimaoneka chachikulu, iye wamng'ono. Lenzi yokoka, monga ya 85mm, imafinya mtunda n'kusungunula zakumbuyo. Mukaima nayo kuseri kwa felemu ya chitseko, mbali ya felemuyo ikutchinga pang'ono chithunzi, woonera amamva ngati akusuzumira limodzi ndi munthu wobisala. Shoti yotereyi ndi yamphamvu, koma ili ndi mtengo wake: ikangooneka, mwaulula kuti pali wina amene akuyang'ana. Ngati mukufuna kuti mpopi ndiwo uulule, shoti yosuzumirayi isabwere mpopiwo usanasiye. Apa ndi pomwe pulani ya mawu ndi ya kamera ziyenera kulembedwa pa pepala limodzi, apo ayi chimodzi chimaba chinsinsi cha chinzake.

Kodi mpopiwo tiuonetse? Ine ndingauonetse kamodzi, koyambirira, kwa masekondi awiri, pafupi kwambiri moti m'chithunzimo muli mlomo wa mpopi ndi dontho basi. Woonera adziwe gwero la phokosolo. Pambuyo pake, akadzazindikira zomwe zachitika, adzakumbukira kuti kamera inali pafupi kwambiri moti sinamuonetse yemwe anaima pambali pa sinkiyo. Close-up imabisa zambiri kuposa zomwe imaonetsa, ndipo m'thriller kubisako ndiko phindu lake.

Za nkhope ya mantha, chepetsani. Zaka zoposa 100 zapitazo wopanga mafilimu Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa kuti nkhope imodzimodziyo, yosasonyeza kanthu, oonera amaiwerenga mosiyana malinga ndi chithunzi chomwe chaikidwa pambali pake. Wosewera wanu safunika kutuzula maso kapena kupuma mwawefuwefu. Angodzutsa mutu pang'ono kuchoka pa foni, n'kukhala duu. Woonera wamva kale kuti mpopi wasiya, ndiye manthawo adzawaika yekha pankhopepo. Sungani close-up yeniyeni ya nkhope yake mpaka nthawi imeneyo. Ikakhala yoyamba m'filimu yonse, imagunda. Ikakhala ya khumi ndi chiwiri, ndi nkhope chabe.

Kamera yogwedezeka ija ndikukayika nayo. Kugwedezeka kumatanthauza kanthu pokhapokha ngati zonse zinali zokhazikika poyamba. Muli ndi tripod, igwiritseni ntchito pafupifupi m'mashoti onse, ndipo ngati mukufunadi kunyamula kamera m'manja, zikhale pothera, mtsikanayo akayamba kuyenda kulowera kubafa. Mpeni uja ndingauchotseretu. Mphindi ziwiri zoyamba ndi zofunsa mafunso, ndipo mpeni ndi yankho lomwe lafulumira. Komanso zida, ngakhale zoseweretsa, zimabweretsa nkhani ya chitetezo ndi zilolezo yomwe gulu la anthu anayi silifunika kusenza.

Musanalembe mashoti atsopano, jambulani mapu a nyumbayo monga ikuonekera kuchokera pamwamba: chitseko cholowera, tebulo, filiji, khomo la kubafa, mazenera, masoketi. Lembani mzere kuchokera pomwe mtsikana aime kukafika pa khomo la kubafa. Kamera yanu ikhale mbali imodzi ya mzerewo nthawi zonse. Limeneli ndi lamulo la madigiri 180, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi la anthu awiri olankhulana okha, koma limagwiranso pakati pa munthu ndi chinthu chomwe akuchiopa. Ngati khomolo lili kumanja m'shoti yoyamba, mtsikanayo aziyang'ana kumanja nthawi iliyonse akaliganizira. Mukadumpha mzerewo, woonera sadziwanso komwe kuli ngozi, ndipo munthu amene akuvutika kumvetsa mapu a chipinda alibe mpata woopa. Mukamasintha shoti pa munthu yemweyo, sunthani kamera ndi madigiri osachepera 30 kapena musinthe kukula kwa shotiyo mooneka, kuopa kuti chithunzi chingaoneke ngati chadumpha.

Pepala lanu la mashoti likhale ndi mbali ziwiri zazikulu: kumanzere zomwe tikuona, kumanja zomwe tikumva, ndipo m'mphepete masekondi. Mbali ya kumanja muigawenso: mawu ochokera m'chithunzi, mawu ochokera kunja kwa chithunzi, ndi omwe mtsikanayo sangawamve monga nyimbo. Mukachita zimenezi mudzaona kuti 40 aja atsika okha kufika mwina pa 15 kapena 18. Musadandaule nazo. Shoti iliyonse yatsopano ikutanthauza kusuntha kamera, kukonzanso magetsi ndi kuyesanso mawu, ndipo kwa gulu laling'ono logwira ntchito usiku zimenezi zimadya theka la ola mosavuta. Pa pepala lomwelo lembaninso malo omwe phokoso la shoti yotsatira liyambe chithunzi chake chisanafike, zomwe akonzi amazitcha J-cut. Kiyi womveka chithunzi chikadali chakuda ndi chitsanzo chake. Khutu likatsogola, diso limafika pa chithunzicho lili kale ndi funso.

Tsiku lojambula, mmodzi mwa anayinu akhale wa mawu basi, asagwire china chilichonse, ndipo mahedifoni asachoke kumutu kwake. Apatsidwe mphamvu yoimitsa shoti monga momwe wa kamera alili nayo. Ndinathandizapo gulu lina lomwe linajambula usiku wonse zithunzi zokongola, koma palibe yemwe anavala mahedifoni. Titafika poedita tinapeza kuti kachipangizo kawo kanali kakudzikwezera kokha mphamvu nthawi iliyonse m'chipinda mukakhala chete, moti malo onse omwe anayenera kukhala zii anadzaza ndi mkokomo wa shiii. Zinandipweteka, chifukwa anawo anali ataganiza bwino nkhani yawo. Choncho zimitsani kudzikwezera kumeneku, komwe amati auto gain, mphamvuyo muiike nokha. Jambulani mu mtundu wa fayilo wa WAV, pa 48 kHz, yomwe ndi mlingo wa mawu a kanema, ndipo ngati chipangizocho chikulola, pa 24-bit. Phokoso lokwera kwambiri lizifika cha pa -12 dB pa mita yoyezera mawu ya chipangizocho, lisagunde 0, chifukwa mawu a digito akaphulika sakonzekanso.

Maiki ikhale pafupi. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ofika pa maiki imatsika ndi pafupifupi 6 dB, pomwe phokoso la chipinda limakhala momwemo. Maiki ya pa kamera yomwe ili mamita atatu kuchokera kwa wosewera ikujambula chipinda, osati munthu. M'shoti yotambasuka ija simungathe kuyandikiza maiki osaoneka, ndipo palibe vuto: jambulani shotiyo, kenako kamera itazimitsidwa wosewerayo abwereze zonse, kuponya makiyi, kuvula nsapato, kupuma, maiki ili pa masentimita 30 kapena 40. Musanayambe shoti iliyonse, wina aombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera kuti mudzalumikize mawu ndi chithunzi mosavuta.

Pali chinthu chomwe chimadabwitsa ophunzira: filiji ndi mpopi zomwe zili pamtima pa nkhani yanu siziyenera kumveka pojambula zithunzi. Filiji muizimitse, mpopi muumange. Filiji imayaka n'kuzima yokha, ndiye mukaisiya idzamveka m'shoti ina n'kusowa m'shoti yotsatira, ndipo podula padzamveka chibowo. Ojambula mawu ambiri amaika makiyi awo m'filiji akaizimitsa, kuti asachoke pamalopo asanaiyatsenso. Mukamaliza zithunzi, jambulani filijiyo payokha kwa mphindi ziwiri, mpopiwo pawokha, kamodzi maiki ili pafupi ndi sinki, kenako maiki ili pomwe mtsikana anaima, chitseko cha kubafa chili momwe chinalili m'chithunzi. Zojambula ziwirizi zidzakupatsani mtunda weniweni: m'close-up dontho likumveka lakuthwa, m'chipinda chochezera likumveka lakutali. Poedita ndi pomwe mudzasankhe sekondi yeniyeni yomwe lisiye. Ndipo musanachoke m'chipinda chilichonse, aliyense aime chilili, osayankhula, mujambule kachetechete wa chipindacho kwa mphindi imodzi. Amati room tone. Chete wa m'filimu si kusowa kwa mawu. Mukasiya malo opanda kanthu kwenikweni, woonera amaganiza kuti sipika yafa. Room tone ndiyo imagona pansi pa zonse, ndipo mpopi ukasiya ndi yomwe idzatsale.

Zina zing'onozing'ono, monga kukhuzana kwa nsalu kapena thabwa kulira pansi pa phazi, mudzazipanga pambuyo mukuonera chithunzi, m'chipinda chachete chokhala ndi makatani ndi zofunda zomeza mkokomo. Luso limeneli limatchedwa foley, kuchokera kwa Jack Foley amene ankagwira ntchitoyi ku kampani ya mafilimu ya Universal. Mapulogalamu aulere monga Audacity kapena DaVinci Resolve akukwanirani.

Mdima ndiunene mwachidule. Musajambule mumdima weniweni, chifukwa kamera ikasowa kuwala mumakweza ISO (mphamvu ya kamera yotolera kuwala) ndipo chithunzi chimadzaza timadontho. Walitsani mokwanira pomwe pali mtsikana, ndi nyale imodzi ya patebulo yochokera chammbali, khomo la kubafa mulisiye lopanda nyale, kenako mudzadetse pang'ono poedita. Ngati mukujambula pa mafelemu (zithunzi) 25 pa sekondi, shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ikhale pa 1/50 ya sekondi. Kumayiko komwe magetsi ndi a 50 Hz zimenezi zimathandizanso kuti mababu asamaphethire m'chithunzi, ndipo komwe ndi a 60 Hz yesani 1/60. White balance (kaonekedwe ka mitundu) ndi focus (pomwe chithunzi chikuoneka chakuthwa) muziike nokha, chifukwa autofocus imasochera mumdima ndipo ingakuwonongereni shoti yaitali ija pa sekondi ya 14.

Nanga nyimbo? Sindikuletsa. Koma yambani mwamaliza mphindi ziwirizo popanda nyimbo, muone ngati zikuima zokha. Mukaiika, ilowe mochedwa, mpopi utasiya kale ndipo chete atagwira ntchito yake. Ikalowa poyambirira, yauza woonera kuti m'nyumbamo muli zoopsa, ndiye mpopi sudzamuuzanso chatsopano. Ophunzira amakonda kamkokomo kotsika kwambiri konjenjemeretsa chifuwa. Pa mahedifoni kamamveka bwino, koma sipika za foni ndi laputopu sizitulutsa mawu otsika chotero, ndiye mverani ntchito yanu pa zipangizo zosiyanasiyana musanaipereke. Chimodzimodzi mukafuna kuti mpopi umveke chakumanja komwe kuli khomo: usunthireni kumanja pang'ono chabe, kuti womvera pa sipika imodzi asautaye. Ndipo nyimbo ikhale yanu kapena yomwe mwini wake walola momveka bwino, chifukwa nyimbo ya eni ingachititse kuti ntchito yanu ichotsedwe pa intaneti kapena ikanidwe pa chionetsero.

Musanabwereke nyumba ya munthu usiku wonse, yesani zonsezi motchipa. Pitani pamalopo masana, tolani chithunzi chimodzi pa foni cha shoti iliyonse, muziike pa kompyuta malinga ndi masekondi omwe mwalemba, n'kuika mawu ongoyerekeza pansi pake. Onetsani munthu amene sakudziwa nkhaniyo, osamufotokozera kalikonse. Mukatha mufunseni kuti anadziwa liti kuti m'nyumbamo muli wina. Akanena kuti pomwe madzi anasiya, pulani yanu yagwira. Akanena kuti sanamve madzi alionse, kwezani dontholo pang'ono kapena mulipatse nthawi yotalikirapo. Akanena kuti anadziwa kuyambira pachiyambi, fufuzani shoti yomwe yaulula msanga, kawirikawiri imakhala yosuzumira ija.

Pothera pake ndingachite chonchi. Mtsikana wadzuka, akuyenda kulowera ku khomo lija, kamera yatsala pomwe inali, sikumutsatira. Walowa mumdimamo, sitikumuonanso. Chipinda chili chokha, tebulo lili m'mphepete mwa chithunzi. Tikumva switchi ya kubafa, kuwala kwatuluka pakhomo, kenako mpopi wayambanso: tho, tho. Chithunzi chada. Mumdimamo, pafupi kwambiri ndi ife, kumbali yomwe kunali tebulo, makiyi aja akumveka akunyamulidwa pang'onopang'ono. Dzina la filimu yanu lituluke pamenepo.